Bezi ya batire ikayamba kuvuta, musathamangire kuzula preamp

Mabezi amene tikuyimbira kuno ku Salima, kaya kutchalitchi, kaya pa ukwati, kaya m'malo ogona alendo ku Senga Bay, ochuluka ndi oti tinagula kwa munthu wina kapena anabwera ndi achibale ochokera ku Joni, opanda kabuku opanda chani. Nde mupeza munthu wakhala nayo bezi miyezi ndithu osadziwa kuti kumbuyo kwake kuli kachitseko ndipo mkatimo muli batire la 9V. Bezi yotereyi ndi imene amati ya active, mkati mwake muli kabodi kakang'ono, preamp, kamene kamakweza ndi kutsitsa bass, mid ndi treble mawu asanafike n'komwe ku ampu. Si zachilendo ayi, Music Man StingRay inatuluka nazo kale mu 1976, ndipo lero ma Ibanez SR, ma Yamaha TRBX, ma Cort, ma Sire a Marcus Miller ambiri mwa iwo ali m'gulu lomweli. Ikakhala bwino imamveka bwino zedi. Ikayamba kuvuta ndi pamene anthu amasokonezeka, wina akuti sipika yang'ambika, wina akuti bezi yapsa, wina wabwera kale ndi pulayazi kuti tizule kabodiko tilumikize dayilekiti. Dikirani kaye achimwene. Kabodiko ndi kamene kamafa mochedwa pa zonse zili m'menemo. Zimene zimavuta kawirikawiri ndi batire, kebulo ndi jaki (bowo lolowetsamo kebulo lija), ndipo zonsezi mukhoza kuzifufuza nokha ndi sikuludiraiva ndi mita yoyezera magetsi yobwereka.

Tiyambe ndi batire poti ndi pamene pamathera nkhani zambiri. Batire likamatha bezi siimangozima kamodzi ayi, imayamba ndi kusasa mawu. Mukakhudza pang'onopang'ono zikumveka bwino, mukamenya mwamphamvu makamaka nsambo yaikulu ya E, kapena B kwa amene muli ndi ya nsambo 5, mawu akuphwanyika ngati sipika yang'ambika. Chifukwa chake n'choti manotsi apansi ndi amene amafuna mphamvu yambiri ku preamp, nde voteji ikachepa ndi omwewo amayamba kudulidwa. Kenako voliyumu imatsika, manobu a EQ, a bass, mid ndi treble aja, amayamba kuchita zachibwana, pena kulira kwa mluzu pena kuthetheka, mapeto ake zii. Anthu ambiri pamenepa amakweza gain ku ampu, mawu n'kumaipiraipira, n'kuyamba kukangana ndi wa mikisa pomwe vuto lili kumsana kwa bezi yawo yomwe.

Kunyambita batire kumangokuuzani kuti muli kamoyo, sikukuuzani kuti ndi kochuluka bwanji. Pezani mita, okonza mafoni ndi mawailesi pa Kamuzu Road amakhala nayo, ikani pa DC 20V. Batire la alkaline latsopano limawerenga cha m'ma 9.5. Likatsika kufika cha m'ma 7 ma preamp ambiri amayamba kusasa, ena amayamba msanga kuposa pamenepo. Koma apa pali msampha, batire lofooka likhoza kuwerenga bwinobwino lili m'manja n'kugwa mukangolipatsa ntchito. Nde muyeze lili pamalo pake, lolumikizidwa ku kabatani kake, kebulo mutailowetsa mu bezi, n'kukhudza timitu tiwiri tija ndi nsonga za mita. Nambala imeneyo ndiye yoona. Ngati bezi yanu ndi ya 18V, monga Sire V7, mabatire amakhala awiri otsatizana ndipo musinthe onse nthawi imodzi, limodzi lofooka limakoka lenzake.

Za mtundu wa batire ndinene mosabisa: aja otchipa olembedwa Heavy Duty kapena Super Heavy Duty ndi a carbon zinc, dzina lokha ndi lolemera koma mphamvu ndi yochepa kuyerekeza ndi alkaline, ndipo ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala amatha msanga n'kuyamba kuchucha. Madzi akewo akadya kabatani ndi mawaya mwagula vuto lina. Pa shelefu amathanso kukhala atagona nthawi yaitali, nde onani deti, ndipo ngati wogulitsa akulola yezani musanalipire. Otchaja alipo mitundu iwiri. A NiMH ambiri ndi a 8.4V, amagwira ntchito koma amayambira pansi kale. Aja a lithium otchajira pa USB ena amakhala ndi kadera mkati kokweza voteji, ndipo kaderako pa mabezi ena kamalowetsa kamluzu kosatha m'mawu, komanso amangozima mwadzidzidzi osachenjeza, pakati pa nyimbo yolowera akwati. Ine ndimakonda alkaline basi, lina mu bezi lina m'chikwama. Ndipo poika musayese kukanikiza mozondoka kuti muone mbali yake, ma preamp ena ali ndi chitetezo ena alibe.

Tsopano funso limene limabwerabwera: bwanji batire langa likutha pa masabata awiri atatu pomwe la mnzanga limatha chaka? Apa mumvetse chinthu chimodzi, pa bezi ya active jaki ndiye switch. Palibe batani la on ndi off. Jaki yake ndi ya stereo, ili ndi miyendo itatu, tip, ring ndi sleeve. Waya wakuda wa batire amapita ku ring, ethi ya bezi yonse ili ku sleeve. Mukalowetsa pulagi wamba ya gitala, chitsulo chake chachitali chija chimakhudza ring ndi sleeve nthawi imodzi, dera latsekeka, preamp yayaka. Mukasolola yazima. Ndiye kuti bezi ikatsamira pakhoma m'tchalitchi kebulo ili momwemo kuchokera Lamulungu mpaka tsiku la pulakatisi, olo ampu ikhale yozimitsa, olo magetsi akhale atathima, batire likudyeka usana ndi usiku, chimodzimodzi kusiya mpope wosatseka n'kumadabwa ndi bilu. Tawerengani nokha, alkaline ya 9V imasunga cha m'ma 550 mAh, preamp yodya 1 mA idzalimaliza pa maola 550, amene ndi masiku 23 okha ngati kebulo siikuchoka. Maola omwewo mukamayimba maola 10 pa sabata n'kumasolola, ndi chaka chathunthu. Kutsitsa voliyumu sikuthandiza, ndipo pa mabezi ambiri olo kuika pa passive, pamene mawu sadutsa mu kabodi, sikuzimitsa preamp. Sololani kebulo ku bezi, osati ku ampu kokha.

Nanga ngati mumasolola koma likuthabe? Pamenepo nthawi zambiri pali dzanja la munthu. Jaki yoyamba inatha, mmisiri analibe ya stereo n'kuika ya mono ya miyendo iwiri, waya wakuda wa batire n'kumuwotcherera pamodzi ndi ethi. Bezi ikulira bwinobwino, aliyense wasangalala, koma preamp siikuzimanso mpaka kalekale. Pena jaki ndi yolondola koma mawaya a ring ndi sleeve anasemphanitsidwa, kapena kadontho ka soda kalumikiza miyendo iwiriyo, kapena mwendo wa ring wapindika ukukhudza khoma la mkati lopakidwa penti wakuda uja, amene amadutsa magetsi. Kuyeza kwake n'kosavuta. Masulani kabatani ka batire mbali imodzi, inayo ikhale yolumikiza, ikani mita pa DC mA, nsonga imodzi pa kamutu ka batire inayo pa kabatani kamene mwamasula. Kebulo itasololedwa mita iwerenge 0. Ikawerenga kena kalikonse ndiye kuti preamp ili maso. Mukalowetsa kebulo muone kanambala kakang'ono, ma preamp ambiri amadya kuyambira pansi pa 1 mA mpaka ma mA ochepa chabe. Mukaona 20 kapena 30 pali shoti penapake kapena chip yadwala. Mukamaliza bwezani mita pa V musanayezenso batire, apo ayi muwotcha fyuzi ya mita ya eni ake.

Nkhani yomweyi ya jaki ili ndi mbali ina imene imapusitsa anthu ambiri. Mwafika pa pulogalamu ku Chipoka, kebulo yanu mwaiwala, wa zoyimbira wakupatsani yake, mwalowetsa, zii. Batire ndi latsopano. Tayang'anani pulagiyo, ngati ili ndi timizere takuda tiwiri m'malo mwa kamodzi ndi ya stereo, ya TRS, imene amalumikizira ma monitor ndi ma mikisa. Pulagi imeneyo siilumikiza ring ndi sleeve nde preamp siingayake. Bezi ya passive pa kebulo yomweyo ikhoza kulira, n'chifukwa chake mkangano wake umakhala wautali. Ma wireless ena otchipa nawonso pulagi yawo ndi ya mtundu womwewo kapena amangokana kugwirizana ndi bezi ya active, nde musanaweruze bezi yesani ndi kebulo wamba ya mzere umodzi imene mukudziwa kuti ndi yamoyo. Ndipo kugunda kuja kwa phu polowetsa kebulo si vuto, ndi preamp ikuyaka. Ingotsitsani ampu kaye, lowetsani ku bezi kenako ku ampu, masipika a mpingo akhalitse.

Kuduka-duka kwa mawu mukasuntha, kapena kuthetheka mukagwedeza kebulo, apa yambani ndi kusintha kebulo. Zikapitirira ndi jaki. Pali ma jaki awiri, ina ndi yotsegula imene mumaona timiyendo take mukatsegula kumbuyo, inayo ndi yaitali ngati kachubu yolowa m'mbali mwa thupi la bezi, imene imapezeka kwambiri pa ma Ibanez ndi anzake. Yotsegula ija mukhoza kuipinda pang'ono kamwendo kuti kazigwira pulagi mwamphamvu, n'kupukuta ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Ya kachubu ikatha yatha, mkati simungafikemo, pamafunika ina ndipo ikhale ya stereo. Pa bezi ya active jaki yotha imavuta kawiri, ikataya tip mawu aduka, ikataya ring preamp ikuzima n'kuyakanso ndipo mumva kuphulika kwa phu phu m'masipika. Nati ya jaki ikakhwefuka musaimange muli kunja kokha, jaki imazungulira mkati n'kupota mawaya mpaka kuduka. Tsegulani kumbuyo, gwirani jaki ndi chala, kenako mangani. Kuti zisachitikenso kebulo muziidutsitsa pakati pa lamba ndi thupi la bezi, mukaiponda lamba ndi amene amakoka osati jaki.

Kabatani ka batire nako ndi kamodzi mwa tinthu tosalimba m'bezi yonse. Mawaya ake ofiira ndi akuda ndi opyapyala, munthu akamasintha batire mokoka amadukira mkati mwa pulasitiki pomwe maso sakuona. Chizindikiro chake bezi imazima mukaigwedeza kapena mukaigogoda kumsana. Muli pa ampu yotsitsa voliyumu, gwedezani batire ndi mawaya ake mumve. Timano ta kabatani tikatakasuka tifinyeni pang'ono ndi pulayazi, tikachita dzimbiri lobiriwira kapena loyera palani ndi sandipepa. Kakakhala kotheratu, batire lakale la 9V lili ndi kamutu kamene mukhoza kuchotsa n'kuwotchererapo mawaya, bola mukumbukire kuti pa kabatani mbali zimasinthana, nde yezani ndi mita kuti waya wofiira akutulutsa + musanalumikize ku preamp. Batire lisamagubuduke m'bokosi, likulungeni ndi kasiponji, chitsulo chake chikakhudza miyendo ya ma pot, tizipangizo tili pansi pa manobu, chimachita shoti.

Palinso vuto lina loseketsa, bezi ikulira chivundikiro chili chotsegula, mukangomanga masikulu yazima. Pamenepo chivundikiro chikukanikiza waya kapena kabodi, kapena chili ndi foyilo mkati imene ikukhudza mwendo wa pot. Kokani mawaya mwadongosolo, matani insuleshoni tepi pamene pakukhudzana, basi.

Manobu okhwekhwereza mukamapotokola ndi matenda a kuno kwathu. Nthawi ya mwera ndi chilimwe fumbi ndi mchenga zimalowa paliponse, dzinja likafika chinyezi cha kunyanja chimamalizitsa, kuwonjezera thukuta la m'manja limene lili ndi mchere. Pansi pa nobu iliyonse pali pot, ndipo mkati mwake muli kanjira kakuda kamene kamada. Choyamba ingopotokolani nobuyo uku ndi uku kambirimbiri bezi ili yosalumikiza, nthawi zina zimathera pomwepo. Zikakana pamafunika contact cleaner, kupopera pang'ono pa kampata kali pafupi ndi miyendo itatu ya pot n'kupotokolanso. WD-40 wamba uja wa maloko ndi matcheni a njinga musaike, palibenso za mafuta ophikira, lero ziyera mawa fumbi lamatirira kuposa kale. Ngati mwatsuka pot koma ikukhwekhwerezabe mofanana, yambani mwasintha batire, ndipo zikakanabe mwina pali capacitor imene ikudontheza DC ku pot, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Nobu ikamazungulira osafika pothera, nati yake yamasuka ndipo pot yonse ikuzungulira mkati, siyani kupotokola pompo musanadule mawaya.

Tibwere ku kung'ung'uza, kumene kumavuta kwambiri poti nthawi zambiri vuto silikhala mu bezi. Funso loyamba, kodi phokosolo likutsata bezi kulikonse kapena ndi malo amodzi okha? Ngati kunyumba ili phee koma kuholo ikung'ung'uza, yang'anani magetsi a pamalopo. Magetsi athu ndi 230V pa 50Hz ndipo mapulagi athu ndi a mano atatu, dzino lalikulu lija ndi ethi, koma ma extension ambiri amene timayendera nawo mkati muli mawaya awiri okha, ndipo nyumba zina ethi yake inangothera pa soketi. Magetsi akathima tikasamukira pa jenereta kapena pa inveta ya sola, makamaka ma inveta otchipa amene si a pure sine wave, phokoso la zzzz limalowa mu ampu olo bezi isanalumikizidwe. Matchaja a mafoni, mababu ena a LED ndi magetsi othwanima a pa ukwati nawonso amalowetsa zawo. Foni ikakhala m'thumba la kutsogolo pafupi ndi ma pickup, timaginito totola mawu pansi pa nsambo, mumva tititi ikamalandira uthenga. Zimitsani chimodzichimodzi mpaka mupeze mwini phokoso. Ngati ampu yanu yalumikizidwanso ku mikisa ndipo kung'ung'uza kumabwera pokhapokha mwalumikiza, dinani batani la ground lift pa DI box, kabokosi kodutsirapo popita ku mikisa. Dzino la ethi pa pulagi musalithyole ngakhale wina akuuzeni kuti zimathetsa phokoso.

Ndipo apa ndilankhule mwamphamvu. Mukamva nyesi pa nsambo, kapena pa milomo mukayandikira maiki manja ali pa bezi, si batire la 9V limenelo, batire silingakugwireni choncho. Ndi magetsi a pakhoma akudutsa mu ampu kapena mikisa yopanda ethi, ndipo anthu oyimba anafapo ndi zimenezi. Pa mchenga wonyowa kunyanja kapena pa simenti muli osavala nsapato ndiye zoopsa kwambiri. Siyani kuyimba, aitaneni a zamagetsi.

Ngati phokoso likutsata bezi kulikonse, gwirani nsambo mumve. Likachepa mukagwira n'kubwerera pang'ono mukasiya, waya wa ethi wa ku bridge, chitsulo chogwira nsambo kumunsi kwa bezi, ali bwino, chimene chikuchepa ndi chitetezo cha mkati, ndipo mukhoza kumata copper tape m'bowo lonse la ma pot, olo foyilo ya kukhitchini imathandiza, bola ikhudzane ndi ethi ndipo isakhudze miyendo ya ma pot. Likapanda kusintha olo pang'ono mukagwira nsambo, mwina waya wochokera pansi pa bridge waduka kapena wachita dzimbiri. Yezani ndi mita mutaiika pamene imalira ngati kabelu nsonga zake zikakhudzana, nsonga ina pa bridge ina pa nati ya jaki, izilira. Ma bezi a ma pickup a EMG ndi osiyana, amenewo opanga ake sanafune n'komwe waya wa ku bridge, nde mukapanda kumupeza musadabwe. Likakula mukagwira nsambo kapena manobu achitsulo, wina anasemphanitsa tip ndi ethi pa jaki. Ma pickup a single coil a mtundu wa Jazz Bass amang'ung'uza mwachibadwa mukatsegula imodzi yokha, mukaika blend, nobu yosakaniza ma pickup awiri, pakati zimachepa. Ndipo kaphokoso ka sssss mukakweza treble mpaka kumapeto ndi khalidwe la preamp, si matenda.

Pamenepa ndionjezere za EQ poti anthu ambiri amaiyimba molakwa n'kumati bezi ikuphwanya mawu. Pa bezi ya passive tinazolowera kutsegula manobu onse mpaka kumapeto. Pa active ambiri pakati pamene nobu imagwira kuti kete ndiye poyambira, kumanja mukuwonjezera kumanzere mukuchotsa, ndipo ma preamp ambiri amawonjezera mpaka 12 kapena 15 dB, zimene ndi zambiri zedi kwa kaampu ka pulakatisi. Nde ngati batire ndi latsopano koma mawu akuphwanyika, bwezani manobu onse pakati, lowetsani kebulo pa bowo lolembedwa Active kapena dinani batani la pad lolembedwa -10 dB kapena -15 dB ngati ampu ili nalo, tsitsani gain mpaka kagetsi kofiira ka clip kasiye kuyaka, mphamvu muitenge ku master. Onaninso ngati pickup siinakwere kwambiri mpaka nsambo kumaimenya. Chinanso, kulumikiza bezi ku mikisa ndi kebulo ya jaki mbali ina XLR mbali ina, pomwe wa mikisa wayatsa magetsi a phantom a 48V chifukwa cha ma maiki a kwaya, kukhoza kuwotcha preamp. Dutsirani pa DI box kapena pa bowo la jaki la mikisa.

Mwayesa zonsezi bezi ili ziii, apa ndi pamene timayamba kugawa vuto pakati. Ngati bezi yanu ili ndi ka switch ka active ndi passive, pena kamakhala kobisika mu nobu ya voliyumu yoti mukoke, ikani pa passive. Ikalira ndiye kuti ma pickup, voliyumu ndi tip ya jaki zili bwino, vuto latsala pa batire, kabatani, ring ya jaki kapena kabodi. Ikakhala chete mbali zonse ziwiri kabodi kasiyeni, fufuzani jaki, voliyumu ndi blend. Dziwaninso kuti pali mabezi amene ma pickup ake ndi wamba koma preamp ndiye ya batire, ndipo pali ena monga a EMG amene pickup yeniyeniyo imadya batire, amenewa popanda batire palibe mawu ndipo palibe njira yodutsira pambali. Gogodani pang'ono pa pickup iliyonse ndi sikuludiraiva, blend mutaitembenuzira mbali yake, mumve kugunda mu ampu. Imodzi ikamayankha ina ayi, vuto lili pa pickup imeneyo, waya wake kapena blend. Pickup wamba mukaimasula waya n'kuiyeza imawerenga ma kilo ohm angapo, ikawerenga OL koyilo yaduka. Kuyezera pa jaki sikungakuuzeni kanthu pa bezi ya active chifukwa pakati pali preamp.

Kuti mudziwe ngati kabodi kali moyo, tsatirani waya wofiira wa batire mpaka pamene walowera pa kabodi, kebulo ili mu jaki, yezani pakati pa pamenepo ndi kumsana kwa pot. Pafike 9V, kapena 18V. Ngati palibe bwererani ku kabatani ndi jaki. Ngati ilipo, ampu ili yotsitsa, khudzani ndi nsonga ya sikuludiraiva pamene waya wa ma pickup walowera pa kabodi chala chanu chili pa chitsulo chake. Mukamva bzzz ndiye kuti preamp ikudutsa mawu ndipo vuto lili mbali ya ma pickup, mawu asanafike ku kabodi. Mukapanda kumva, khudzani pa tip ya jaki, pamenepo pakalira koma polowera pali chete, tsopano mukhoza kukayikira kabodi. Olo pamenepo yang'anani kaye timapulagi toyera tolumikiza mawaya ku kabodi, timakhwefuka ndi kugwedezeka kwa pa kabaza ndi pa minibasi, ndiponso malo owotcherera amene aoneka otuwa kapena osweka, makamaka pamene ma pot anawotchereredwa pa kabodi penipeni.

Mukapita nayo kwa mmisiri, kaya pa Salima pompano, kaya ku Nkhotakota kapena Dwangwa, jambulani kaye mkati ndi foni mbali zonse waya aliyense asanachotsedwe, ndipo khalani pomwepo. Okonza mafoni ali ndi dzanja labwino pa tinthu ting'onoting'ono koma si onse amadziwa kuti jaki ndi switch, muwauze ndinu. Ayini ikhale yaing'ono ya 25 mpaka 40W ndi soda wa zamagetsi wokhala ndi rosin mkati, osati chitsulo chootcha pa mbaula ndi asidi wa okhoma ndowa, asidiyo amadya mawaya pang'onopang'ono. Ma preamp ena monga a Bartolini ndi Aguilar amabwera atamatidwa mkati mwa kabokosi, amenewo akafa amangosinthidwa. A mabodi oonekera amakonzeka, kawirikawiri ndi capacitor youma ndi kutentha kapena chip ya miyendo 8. Chip ikakhala TL062 aikemo TL062 yomweyo. TL072 kapena 4558 yozula mu wailesi yakale imalowa pamalo omwewo ndipo iliradi, koma TL062 imadya cha m'ma 0.2 mA mbali iliyonse pomwe TL072 imadya cha m'ma 1.4 mA, nde mudzabwerera ku vuto la batire losakhalitsa lija.

Kusandutsa bezi kukhala passive n'kotheka ngati ma pickup ake ndi wamba ndipo preamp ina siikupezeka olo ku Lilongwe, koma si kungodula mawaya n'kulumikiza. Ma pot a mbali ya preamp nthawi zambiri amakhala a 25k, 50k kapena 100k, pomwe pickup wamba imafuna 250k kapena 500k, mukasiya akalewo mawu amatuluka ofooka ndi otsekeka. Pamafunika ma pot ena ndi capacitor ya tone, ambiri amaika ya 0.047uF. Kabodi kakaleko musataye, kakulungeni m'kapepala ka pulasitiki pamodzi ndi ma pot ake ndi chithunzi chija musunge, munthu wodziwa akadzapezeka akhoza kukabwezeretsa, ndipo pogulitsa bezi ya active yokhala ndi preamp yake imakhala ndi mtengo wina. Ngati bezi ikhala miyezi osayimbidwa, monga nthawi yolima anyamata a bandi akabalalika, chotsani batire lisachuchire mkati, ndipo isungidwe m'chikwama chake kutali ndi malata ndi pawindo.